Mwafunsa, Tayankha: Chigaza cha Tsumba ndi Zimbale Zoyamba za The Exploited

Makalata anayi amene tasankha mwezi uno achokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo onse akukhudza gulu limodzi loimba la ku Scotland. Funso la mayi a ku Luchenza tinalitchula mwachidule m'kope lapitali, ndipo ndi limene lautsa mafunso enawo.

FUNSO: Mwana wanga wamwamuna, amene ali fomu 3, anagula tisheti yakuda pa kaunjika pamsika wa Luchenza. Kutsogolo kwake kuli chigaza cha munthu choyasamula, chokhala ndi tsumba lalitali pakati pa mutu, ndipo palembedwa kuti The Exploited, pamene kumsana kuli mawu akuti Punks Not Dead. Amayi anzanga a kumpingo akuti chimenechi ndi chizindikiro cha za satana ndipo ndiitenthe, koma mwanayo akuti ndi gulu loimba chabe. Kodi zoona ndi ziti? Mayi wa ana anayi, Luchenza, Thyolo.

YANKHO: Mayi, mwana wanu akunena zoona, ngakhale kuti sanakuuzeni nkhani yonse. The Exploited ndi gulu loimba limene linayambira mumzinda wa Edinburgh ku Scotland kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo dzina lakelo likutanthauza anthu odyeredwa masuku pamutu. Woimba wake wamkulu ndi Wattie Buchan, amene analowa m'gululi atachoka ku usilikali wa dziko la Britain, n'kutenga malo a mbale wake Terry amene ankatsogolera nyimbo poyamba. Chamba chimene amaimba chimatchedwa punk, ndipo chinatchuka ku London m'zaka za 1976 ndi 1977 kudzera m'magulu monga Sex Pistols, The Clash ndi The Damned. Gulu la Sex Pistols litapasuka mu Januwale 1978, olemba nkhani ambiri anayamba kunena kuti chambachi chatha, ndipo gulu lina lotchedwa Crass linaimba nyimbo yonena kuti punk yafa. Mawu amene ali kumsana kwa tisheti ya mwana wanu ndi dzina la chimbale choyamba cha The Exploited, cha mu 1981, ndipo akutsutsa zimenezo ponena kuti punk siinafe.

Chigazacho chinaonekera pachikuto cha chimbale chawo cha mu 1983, chimene chinkadzudzula nduna yaikulu ya dziko la Britain ya panthawiyo, Margaret Thatcher, chifukwa cha nkhondo ya ku zilumba za Falklands ya mu 1982, ndipo tsumbalo ndi kametedwe ka Wattie mwiniwake, amene kwa zaka zambiri wakhala akumeta mbali zonse ziwiri za mutu n'kusiya tsitsi la pakati lokha litaimirira, kawirikawiri lopakidwa utoto wofiira. Palibe chipembedzo chilichonse chimene chili kumbuyo kwa chithunzichi. Cholinga chake chinali kudabwitsa ndi kukwiyitsa akuluakulu, ndipo poona mmene amayi anzanu achilandirira, zikuoneka kuti ntchito imeneyo chikuigwirabe mpaka lero.

Komabe sitikufuna kukunamizani kuti anyamatawa anali ofatsa. Nyimbo zawo zambiri zili ndi mawu otukwana amene sitingawalembe m'magazini ino, zina zimayamikira ndewu, ndipo madansi awo akhala akutha ndi chisokonezo, monga zinachitikira ku Montreal m'dziko la Canada mu Okutobala 2003, pamene anthu anaswa masitolo ndi kutentha magalimoto atamva kuti dansi yalephereka. Choncho ngati muli ndi nkhani yokambirana ndi mwana wanu, ikhale ya ulemu ndi ya chilankhulo chimene akumva m'makutu mwake, osati ya ufiti kapena ya satana. Tishetiyo musaitenthe, pakuti ndalama inapita kale, koma muli ndi ufulu wonse womuuza kuti asaivale kutchalitchi kapena pamaliro.

FUNSO: Ndili ndi kasitudiyo kakang'ono pa Chitakale komwe ndimajambula makwaya ndi anyamata oimba zamakono pogwiritsa ntchito kompyuta. Ndamvera nyimbo zoyambirira za gululi pa YouTube, ndipo kwa ine zikumveka ngati zinajambulidwa mothamanga ndi anthu osadziwa bwino zida. Kodi zinatheka bwanji kuti nyimbo zotere zigulidwe ndi anthu ambiri? Wojambula nyimbo, Chitakale, Mulanje.

YANKHO: Achimwene, makutu anu sanakunamizeni, koma kuti mumvetse chifukwa chake muyenera kuona mmene nyimbozo zinafikira pamsika komanso amene ankazigula. M'chaka cha 1980 gululi silinadikire kuti kampani yaikulu ilitole. Linakhazikitsa kampani yakeyake yotchedwa Exploited Record Company ndi kutulutsa kambale kakang'ono kotchedwa Army Life, kokhala ndi nyimbo zitatu zokha. Timbale totere tinali ta mainchesi 7 ndipo tinkazungulira maulendo 45 pa mphindi imodzi pa galamafoni, ndipo ubwino wake unali wakuti mnyamata wosagwira ntchito ankatha kukagula ndi ndalama yochepa, pamene gulu nalonso silinkafunika kubwereka situdiyo kwa masiku ambiri. Nyimbo imene inapereka dzina la kambaleka inkakamba za moyo wa ku usilikali umene Wattie anali atangousiya kumene, ndipo ina inkanyoza achinyamata otchedwa Mods, amene ankavala masuti ndi kuyenda pa timinjinga tamoto. Yachiwiriyi, kunena mosabisa, ndi nyimbo yachibwana, koma inaonetsa msanga kuti gululi linkalankhula ndi anyamata a m'misewu osati ndi ophunzira a m'makoleji.

Nthawi nayo inawakomera. Mu Januwale 1980 ku Britain kunali kutayamba mndandanda wapadera wa nyimbo zogulidwa kwambiri zochokera m'makampani ang'onoang'ono, zimene zinkagulitsidwa m'masitolo oima paokha. Army Life inakhala pamndandanda umenewu kwa miyezi yambiri, ndipo chaka chisanathe anatulutsa kambale kachiwiri kotchedwa Exploited Barmy Army, dzina limene linasanduka dzina la otsatira gululi kulikonse kumene linkapita. Chaka chomwecho nyimbo zawo zinalowa m'chimbale cha magulu osiyanasiyana chotchedwa Oi! The Album, chimene anasonkhanitsa ndi Garry Bushell, mtolankhani wa nyuzipepala ya zoimba ya Sounds, ndipo apa ndi pamene anthu a ku London ndi madera ena a ku England anayamba kuwadziwa.

Mu 1981 anagwirizana ndi kampani ya Secret Records, imene nayo inali yaing'ono, ndipo anatulutsa Punks Not Dead. Oimba anali anayi: Wattie pa mawu, Big John Duncan pa gitala, Gary McCormack pa besi ndi Dru Stix pa ng'oma. Chimbalechi chinafika pa nambala 1 pamndandanda wa makampani ang'onoang'ono, ndipo chodabwitsa kwambiri ndi chakuti chinafikanso pa nambala 20 pamndandanda wa dziko lonse, pakati pa oimba amene makampani akuluakulu ankawatayira ndalama zambiri powatsatsa. Mukawerenga mitu ya nyimbo zake mupeza imodzi ikukamba za mzere wa malova okalandira ndalama ya chithandizo ku boma, ina za gulu lapadera la apolisi a ku London lotchedwa Special Patrol Group limene linkadziwika ndi nkhanza, ina ikunyoza banja lachifumu, ndipo ina ikungobwereza mawu atatu okha kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Kuti mumve kulemera kwa mitu imeneyi, kumbukirani kuti Margaret Thatcher anatenga boma mu Meyi 1979, ndipo m'zaka zotsatira mafakitale ambiri a ku Scotland ndi kumpoto kwa England anatsekedwa, moti pofika Januwale 1982 chiwerengero cha anthu osowa ntchito chinali chitapitirira 3 miliyoni. Mu Epulo 1981 kunabuka zipolowe ku Brixton mumzinda wa London, ndipo mu Julayi zinabukanso ku Toxteth mumzinda wa Liverpool ndi m'madera ena. Mnyamata amene wamaliza sukulu n'kupeza kuti fakitale imene bambo ake ankagwirako yatsekedwa sankafuna nyimbo yosalala. Ankafuna kumva munthu wolankhula ngati iye akukuwa zimene iye ankakuwa mumtima, ndipo Wattie ankaimba ndi kalankhulidwe ka ku Edinburgh kosasintha ngakhale pang'ono, kamene ngakhale Angerezi ena ankavutika kukamva. Mu Okutobala 1981 kambale ka Dead Cities, kokamba za mizinda yakufa, kanafika pa nambala 31, ndipo gululi linaitanidwa kukaimba pa Top of the Pops, pulogalamu ya nyimbo zotchuka ya pa wailesi yakanema ya BBC. Anzawo ena a punk, makamaka a gulu la Conflict, anawadzudzula kuti adzigulitsa, mkangano umene ukupitirirabe pakati pa okonda chambachi.

Tibwere tsopano ku ntchito yanu ya m'situdiyo. Woimba gitala m'chamba chimenechi amagwira nsambo ziwiri kapena zitatu zokha ndi kumangosuntha dzanja lomwelo kukwera ndi kutsika pakhosi pa gitala, ndipo mawu ake amadutsa m'makina owasasitsa dala kuti azimveka okhakhala. Besi imatsata gitala phazi ndi phazi, ng'oma zimathamanga mosapuma, ndipo pofika pa kolasi oimba onse amakuwira pamodzi mawu ochepa, kachitidwe kamene anakatenga kwa ochemerera mpira m'mabwalo a ku Britain. Nyimbo zambiri sizifika mphindi zitatu. Zonsezi zinakonzedwa motero kuti munthu amene wamva nyimboyo kamodzi athe kuimba nawo ulendo wachiwiri, ndiponso kuti aliyense amene wagwira gitala kwa miyezi yochepa aganize kuti nayenso angayambitse gulu lake. Inu a kuno mukudziwa kale kuti nyimbo ikhoza kukhala ndi moyo popanda zida zodula, chifukwa malemu Alan Namoko ndi Chimvu Jazz anagwedeza dziko lino ndi banjo ndi ng'oma zopangidwa pamanja, ndipo amene amamvera nyimbo zake lero safunsa kuti maikolofoni inali ya ndalama zingati.

Koma musatengepo phunziro lolakwika lakuti kusasamala ndi luso. Mukamvetsera bwino Big John Duncan mupeza kuti dzanja lake lamanja silinkaphonya, ndipo ndi iye amene ankagwirizanitsa gulu lonse pamene liwiro lakwera. Ife tikuona kuti Punks Not Dead ndi chimbale chosalingana, chokhala ndi nyimbo zamphamvu zingapo ndi zina zongodzazira malo, ndipo kutchuka kwake kwagona pa dzina lake ndi pa nthawi imene chinatuluka. Chimbale chimene muyenera kuchimvera ndi makutu a wojambula ndi Troops of Tomorrow cha mu 1982, chimene chinafika pa nambala 17. Mmenemo gitala ndi yolemera, ng'oma zikumveka bwino chilichonse payokha, liwiro lawonjezeka, koma ukali uja sunachepe, ndipo kusunga ukali pamene mukuyeretsa mawu ndi ntchito yovuta kuposa mmene anthu amaganizira.

FUNSO: M'chaka cha 1981 ndinali ku koleji ya zauphunzitsi ndipo ndinkamvera wailesi tsiku lililonse. Oimba akunja a reggae, a country ndi a rumba tinkawadziwa, koma za punk sindinamvepo. Kodi nyimbozi zinaletsedwa kuno? Mphunzitsi wopuma, Thyolo Boma.

YANKHO: Aphunzitsi, panalibe chifukwa chozitchula ndi dzina poziletsa, popeza njira yoti zifikire kuno inali yotsekeka kale. Wailesi inali imodzi yokha ya MBC, wailesi yakanema inadzayamba mu 1999, ndipo lamulo la mu 1968 linapatsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo mphamvu yokana chilichonse chimene linachiona kuti n'chosayenera. Onjezerani malamulo a mu 1973 okhudza kavalidwe ka amayi ndi kutalika kwa tsitsi la abambo, ndiye muganizire mmene munthu wa tsumba lofiira, woimba zonyoza mtsogoleri wa dziko lake, akanalandiridwira pabwalo la ndege la Chileka. Ngakhale kwawo komweko mawailesi sankaziika kawirikawiri nyimbozi masana, ndipo zinkafala kudzera m'madansi, m'masitolo ang'onoang'ono ndi m'timagazini tolembedwa ndi achinyamata eniake, zinthu zimene sizikanatha kuwoloka nyanja n'kufika ku Thyolo.

Kum'mwera kwa Africa punk inamera pang'ono ku South Africa, kumene gulu la National Wake la ku Johannesburg, lokhala ndi oimba akuda ndi oyera pamodzi m'nthawi ya tsankho, linatulutsa chimbale mu 1981 ndipo linavutitsidwa ndi apolisi mpaka kupasuka. Kuno kwathu malo a nyimbo zodandaula za umphawi ndi ulamuliro anadzatengedwa ndi reggae, makamaka kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo chamba chimenecho chinagwirizana ndi makutu athu chifukwa chimasiya mpata wovina ndi womva mawu.

FUNSO: Pa intaneti ndimaona anthu akulemba kuti gululi linasintha nyimbo za dziko lonse, pamene ena akuti nyimbo za mtundu umenewu zinali za anthu osankhana mitundu. Kodi chikoka chake chenicheni ndi chiti? Wophunzira wa ku yunivesite, Limbuli, Mulanje.

YANKHO: Achemwali, mawu akuti dziko lonse ndi okokomeza, koma chikoka chilipo ndipo chikhoza kulozedwa ndi chala. Choyamba, nyimbo ina ya mu Troops of Tomorrow yotchedwa UK 82 ndi imene inapereka dzina ku m'badwo wonse wachiwiri wa punk ya ku Britain, umene unali wothamanga ndi waukali kuposa woyamba uja. Magulu atatu amene amatchulidwa patsogolo pa m'badwo umenewu ndi The Exploited, Discharge ya ku Stoke-on-Trent ndi GBH ya ku Birmingham, ndipo awiri oyambawo anayendera limodzi mizinda ya ku Britain mu 1981 pamodzi ndi Anti-Pasti ndi Chron Gen.

Chachiwiri, liwiro limeneli linawoloka nyanja n'kukalowa m'chamba cha metal ku America, kumene achinyamata anasakaniza kulemera kwa magitala a metal ndi kuthamanga kwa punk n'kupanga chimene chimatchedwa thrash metal. Umboni womveka bwino ndi wa mu 1993, pamene gulu la thrash metal la Slayer linagwirizana ndi Ice-T, woimba rap, n'kulumikiza nyimbo zitatu za mu Troops of Tomorrow kukhala nyimbo imodzi ya m'filimu ya Judgment Night. Iwo anasintha UK 82 kukhala LA 92 pokumbukira zipolowe za ku Los Angeles za mu 1992, zimene zikuonetsa kuti mawu olembedwera malova a ku Scotland anakwanira bwino mumzinda wina patapita zaka khumi. M'chaka chomwecho cha 1993 Big John Duncan, amene panthawiyo ankasamalira magitala a gulu la Nirvana, anakwera nawo pa nsanja ku New York n'kuimba nawo.

Komabe, tikafunsidwa kuti ndani anasintha kwambiri kaimbidwe kenikeni, ife tingapereke ulemu umenewo kwa Discharge. Kamenyedwe ka ng'oma ka gulu limenelo kanabala chamba chakechake chotchedwa D-beat, chimene chinazika mizu ku Sweden, ku Japan ndi ku Brazil, ndipo gulu la metal la ku America la Metallica linaimbanso nyimbo ziwiri za Discharge m'chimbale cha mu 1998. Chimene The Exploited inasiyira dziko ndi nkhope ya punk: tsumba lopakidwa utoto, jekete lachikopa lokhomedwa tizitsulo ndi kulembedwa mayina a magulu kumsana, nsapato zazitali zachisilikali, ndi kolasi yoti khamu lonse likuwire pamodzi. Gulu la The Casualties, limene linayamba ku New York mu 1990, linatengera maonekedwe ndi kaimbidwe kameneka pafupifupi konse, ndipo ku Indonesia kuli achinyamata ambiri ovala motere, moti mu Disembala 2011 apolisi a m'chigawo cha Aceh anagwira oposa 60 pa dansi ina, n'kuwameta mipala ndi kuwatumiza kukaphunzitsidwa khalidwe.

Za kusankhana mitundu, mbiri imeneyi inakula chifukwa cha zimene zinachitika mu Julayi 1981 ku Southall, dera la ku London kumene kumakhala anthu ambiri ochokera ku India ndi ku Pakistan. Magulu atatu a Oi!, chimene ndi chamba china cha punk, omwe ndi The 4-Skins, The Business ndi The Last Resort, anakonza dansi pamalo omwera otchedwa Hambrough Tavern, ndipo ena mwa obwera kudzaonera atazunza anthu a m'deralo, achinyamata a kumeneko anabwezera n'kutentha malowo. The Exploited sinali pa dansi imeneyo, koma popeza nyimbo zake zinali m'chimbale choyamba cha Oi!, utsi wa nkhaniyi unaifikira nayonso. Zoona zake n'zakuti magulu andale odana ndi obwera ankakopa anyamata ena a m'madansi otere, pamene oimba ndi otsatira ena ambiri ankalimbana nawo, ndipo adani amene amatchulidwa m'zimbale ziwiri zoyambirira za The Exploited ndi apolisi, andale, nkhondo ndi ulova.

Gululi silinathe. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kaimbidwe kake kanayandikira kwambiri ku metal, monga zikumvekera m'zimbale za mu 1990 ndi 1996, motero amene anaphunzitsa ena liwiro anadzaphunziranso kwa ophunzira awo kulemera kwa gitala. Oimba asinthana kambirimbiri, ndipo mwa anayi aja a mu 1981 amene watsala m'gululi ndi Wattie yekha. Mu Febuluwale 2014 anagwa pa nsanja ku Lisbon m'dziko la Portugal chifukwa cha matenda a mtima, koma atachitidwa opaleshoni anabwereranso kukaimba.